Kapitao Apita ku Boma

Iwe Lusungu, ika pansi chingwe icho. Sukuona kuti kamphaka kako katsegula kukamwa ngati galu? Kasiye kagone pansi pa tebulo pozizira. Dalitso, kathire madzi m'mbale yake, osati m'kapu yanga. Manje bwerani kuno nonse, mafoni alowe m'thumba. Mphaka akayamba kupuma wefuwefu choncho, masewera athere pomwepo. Ine zimenezi sindinaziwerenge m'buku ayi. Ndinaziphunzira pa njinga, dzuwa likundiwotcha msana, anthu akundiseka njira yonse.

Mudziwa kuti ine ndi ambuya anu tinakhalapo ku Chama, koma inu mukamva Chama muganiza pa boma, pomwe pali chipatala ndi msika. Ife tinali mkati, ku Kambombo, pa kasukulu kakang'ono komwe ananditumiza kuchokera kwathu ku Katete. Tinafika kutatsala pang'ono kuti kugwe chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Tamara, amako iwe Lusungu, anali kale ku sekondale yogonera ku Katete komweko, ndiye panyumba tinali awiri chabe.

Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa inu simukudziwa. Kuno mukatuluka thukuta pang'ono mwathamangira kuyatsa fani. Kumeneko mwezi wa Okutobala choko chinali kusungunukira m'zala, nkhuku zikuyenda mapiko ali lendelende. Fani wathu anali chikuto cha buku la masamu. Wailesi ikafooka, mabatire tinali kuwayanika padenga, ndipo kumeneko anali kupsadi bwino.

Chilala chitatha, mvula inabwera yabwino, anthu anakolola. Makoswe nawonso anamva kuti zinthu zayenda, anabwera ndi abale awo onse. Anadya mbewu yathu yosungira, anadya sopo, anadya ngodya ya kaundula wa kalasi langa mpaka ana atatu omalizira anatsala opanda maina. Tsiku lomwe anaboola bulauzi yoyera ya ambuya anu, ija ya ku chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, nkhondo inayamba. Madzulo ake ambuya anu anabwera kuchokera ku chigayo, ufa pamutu, kanthu kakusuntha m'chitenje.

"Amake Tamara, m'nyumba mwanga simugona chona," ndinatero ine. Chona ndiye dzina la mphaka kumeneko.

"M'nyumba mwanu mugona kale makoswe," anayankha. "Uyu wabwera kudzaona ngati malo alipo."

Kanali kotuwa, miyendo yoyera ngati kavala masokosi. Dzina anakapatsa ndi anthu odutsa. Ife tikamalima kuseri kwa nyumba, iko kanali kukhala pa chulu, mchira kazunguliza kumapazi, n'kumatiyang'anira. Wina anati, "Onani kapitao uyo." Inu kapitao simumudziwa. Anali munthu woyang'anira anzake pa ntchito ya msewu, wovala chipewa, wosagwira khasu. Koma ntchito yake yeniyeni Kapitao anali kuigwira. Pofika masika ena, makoswe anali atasamukira kwa ahedi.

Manje apa ndiulule za ine. Agogo anu ano, amene ndikukalipirani mukadya maswiti, ndinali kusuta. Osati ndudu za m'sitolo, koma balani, fodya wa m'mudzi wopichira m'pepala. Pepala lake linali la mayeso akale. Ndinganene kuti mayeso a giredi seveni a zaka zitatu ndinawasuta onse, masamu ndi Chingerezi chomwe. Ambuya anu fungo lake sanali kulifuna, ndiye ndinali kudzitsekera m'kachipinda kakang'ono komwe ndinali kuchongeramo makope. Zenera lake galasi linasweka kalekale, tinatsekapo ndi katoni. Ukalowamo masana, utsi unali kuima ngati nkhungu ya m'dambo.

M'menemo ndi momwe Kapitao anali kundipeza. Pamaso pa anthu ndinali kumupirikitsa, "Choka apa, iwe." Koma chitseko chikatsekeka tinali mabwenzi. Ndinatenga kandodo kolozera pa bolodi, ndinamangako ulusi ndi nthenga ya nkhanga. Dzanja lamanja likuchonga, lamanzere likuvinitsa nthenga, iye akulumpha mpaka pamwamba pa kabati. Useka chiyani, Dalitso? Nawenso ndinakuona ukulankhula ndi nkhuku.

Chaka chachiwiri, chilimwe chitayamba, ndinaona chinthu chachilendo. Analumpha kangapo, kenaka anagona pamimba, kukamwa yasa, lilime panja, nthiti zikukwera ndi kutsika. Ndinati n'kutentha. Patapita kanthawi anadzuka, anadzinyambita ngati palibe chachitika. Masiku ena anali kugwada, khosi kutambasula, n'kumatsokomola kachifuwa kouma ngati afuna kusanza koma osatuluka kanthu. Ndinati wameza ubweya wa khoswe. Sindinauze ambuya anu, chifukwa akanandifunsa kuti ndaziona bwanji, ine munthu wodana ndi chona.

Chinsinsi chinaululika Loweruka lina masana. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, ambuya anu ndi a Goma. A Goma anali oyandikana nafe, mlimi wa chimanga ndi mpunga, komanso wapampando wa makolo pasukulu. Munthu wamtali, wolankhula mosathamanga, wonditchula "asambizgi", ndiko kuti aphunzitsi m'chinenero chawo. Anabwera kudzakamba za njerwa za kalasi latsopano. Tili mkati mokamba, Kapitao anatulukira pakhomo akukoka kandodo kaja, nthenga ili kukamwa. Anadutsa ambuya anu, anadutsa a Goma, anadzakaika pa mapazi anga, n'kukhala pansi kundiyang'ana.

Ambuya anu anayang'ana kandodo, anayang'ana ine. "Atate ake Tamara, ichi n'chiyani?"

"Chochotsera utatavu wa akangaude," ndinatero.

"Tiyeni tione momwe muchotsera."

Ndinanyamula kandodo kuti ndikabise, nthenga inagwedezeka, basi Kapitao m'mwamba. Analumpha kachiwiri, kachitatu, akutembenuka ngati wovina vimbuza. A Goma anali kuseka mpaka kugwira mawondo. Kenaka mphaka anagwa chammbali m'fumbi, kukamwa yasa, akupuma mofulumira, kamalovu kakulendewera pa ndevu. Kuseka kunatha. A Goma anakweza mapazi awo pa mpando.

Muyenera kudziwa chifukwa chake. Mwezi wapitawo kunadutsa galu wachiwewe m'midzi ya kufupi, analuma mbuzi ndi agalu ena asanaphedwe. Anthu anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali oyenera. Chiwewe chikamugwira munthu n'kuonekera, palibe kubwerera.

"Asambizgi," anatero a Goma, "galu apuma choncho, tidziwa. Koma chona ine ndakalamba sindinamuonepo. Pano pasewera ana ambiri. Akaluma mmodzi, makolo adzafunsa ine."

"Sanalumepo munthu," anatero ambuya anu.

"Galu uja nayenso anali asanalumepo munthu, amama." A Goma anatsitsa mapazi awo pansi. "Sindifuna kukulakwirani. Mutsekereni. Pofika Lachitatu, ngati palibe kalata ya adokotala a ziweto yonena kuti si chiwewe, ndidzabwera ndi chibonga. Ndidzachita ndine, kuti inu musavutike mtima."

Atachoka, ambuya anu anavundikira Kapitao m'dengu lalikulu lija la anapiye, pamthunzi, anamuikira madzi. Sanakalipe. Anangonena kuti, "Ndaona lero kuti mwini wake wa chona uyu si ine. Lolemba mupita naye ku boma."

Lamulungu lonse kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinali kuganiza za chibonga, komanso za zikhadabo zomwe anandikanda nazo m'manja posewera. Ndinapempha ahedi kuti ndikatenge choko ku ofesi ya maphunziro. Choko chinalipo chambiri m'kabati, iwonso anali kudziwa, koma anati, "Pitani, a Mbewe. Chona uja atigwirira ntchito tonse." Sanadziwe kuti makoswe a m'nyumba mwawo anali othawa kwathu.

Inu mukafuna kupita kutauni muimitsa basi pakhomo. Ife inali njinga kapena mapazi. Yanga inali yakuda, yolemera ngati ng'ombe, chubu chake zigamba zokhazokha. Ndinaika Kapitao m'dengu laling'ono, pamwamba ndinamanga chitenje cha ambuya anu, n'kulimangirira pa kaliyala ndi malegeni. Ndinanyamuka mbandakucha kuti ndithawe dzuwa. Koma tayala linaphwa ndisanapite patali, ndipo pomwe ndinamaliza kumata, dzuwa linali litakwera kale. Kapitao anali kulira m'dengu ngati mwana wobatizidwa. Aliyense wokumana nane anali kutembenuka. Mphunzitsi wovala tayi, thukuta kamukamu, kumbuyo kukulira chona.

Pa mtsinje wina wouma ndinatsika kukankha njinga mumchenga. Panali azimayi akufukula madzi m'kachitsime. Mmodzi wachikulire anaima, chikho m'manja.

"Asambizgi, m'dengumo muli chiyani?"

"Wodwala, amama. Ndimupereka kuchipatala."

Anasuzumira pa kampata. "Ife mwana atenthe thupi tiyenda naye pansi. Chona akwera njinga." Onse anaseka. Koma atasuzumiranso anasiya kuseka. Kulira kunali kutasiya, Kapitao anali atagona kukamwa yasa. Mayi uja anachotsa chitenje, anachiviika m'madzi, anachifinya pang'ono, n'kuchiyalanso pa dengu mosiya mpata wa mphepo. "Khalani naye pamthunzi apa ayambe wapuma. Mwamuphika."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa msikidzi mpaka kukamwa kunatsekeka. Kuchoka apo, paliponse popezeka madzi ndinali kunyowetsa chitenje.

Ofesi ya ziweto inali kachipinda kamodzi, muli firiji ya palafini ndi chithunzi cha ntchentche ya kashembe pakhoma. Ndinapezamo a Mwanza, wothandizira dokotala wa ziweto, munthu wamfupi wa magalasi omanga ndi waya. Ndinalowa ndikupuma ngati mvukuto, mawu osatuluka.

"Wodwala ndani mwa awirinu?" anafunsa.

Ndinafotokoza zonse, za nthenga ndi za a Goma. Anati ntchito yawo yambiri ndi mbuzi, nkhuku ndi katemera wa agalu, mphaka womubweretsa pa njinga anali woyamba. Anavala magulovu aatali, anatseka chitseko, anamasula dengu. Kapitao anatuluka, ananunkhiza mwendo wa tebulo, anamwa madzi omwe anamuikira, kenaka anakwera pa mpando wa a Mwanza n'kukhalapo.

"Adya bwino? Wasintha khalidwe? Aluma zinthu popanda chifukwa? Ayenda modzandira? Walumidwapo ndi galu?"

Ndinati adya kuposa ine, ndipo zinazo ayi.

"Kupuma kumeneku kwayamba liti?"

"Patha miyezi iwiri," ndinatero ndikuyang'ana pansi.

"Chiwewe chikaonekera sichidikira miyezi iwiri, aphunzitsi. Akanafa kale. Koma mumutsekerebe masiku khumi, kuti anthu aone ndi maso awo. Akatha mudzabwere naye, kapena ndidzamubaya katemera ndikadzafika kwanuko kubaya agalu."

Mtima unakhala pansi, ndinayamba kumanga dengu. Anandiletsa. "Sitinathe. A Goma anu sanalakwe pa chinthu chimodzi. Galu adziziziritsa ndi lilime, ndi chibadwa chake. Mphaka ayi. Angathe kutsegula kukamwa akathamanga kwambiri pa dzuwa, kapena akachita mantha, monga m'dengu lanuli. Zoterozo zitha msanga akapuma. Koma zikamabwera kawirikawiri pa masewera ochepa, pali chifukwa mkati."

Anamukweza mlomo kundionetsa nkhama. Anati zikatuwa ndiye kuti magazi achepa, mwina chifukwa cha utitiri kapena njoka za m'mimba. Zikada ngati zabiriwira, mpweya sukufika, ndipo pamenepo palibe kudikira mawa. Za Kapitao zinali zofiirira bwino. Anamupapasa m'nthiti, anati wanenepa pang'ono, mafuta nawonso alemetsa mpweya. Kenaka anatenga chomvera m'chifuwa chija, anamuika pambali, anamvetsera nthawi yaitali.

"Mtima ugunda bwino momwe ndimvera. Sindingalumbire, chifukwa matenda a mtima mwa amphaka abisala, ndipo kuno makina oonera mkati tilibe. Koma m'mapapo muli kamluzu. Atsokomola?"

Ndinagwada pansi kuwaonetsa momwe achitira, khosi kutambasula. Mphunzitsi wa boma, tayi ikukhudza simenti.

"Dzukani, ndamva. Zifanana ndi mphumu. Amphaka nawonso adwala mphumu. Fumbi, utsi wa kukhitchini, mankhwala othira m'chimanga, zonsezi ziiputa." Anawerama, anaika mphuno pa msana wa Kapitao. Ananunkhiza kawiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Aphunzitsi, chona wanu asuta balani?"

Ndinati ayi.

"Ndiye akhala ndi munthu wosuta."

Ndinawauza za kachipinda ndi katoni ya pazenera. Sanandikalipire. Anangotenga chomvera chija, anachipukuta pa malaya, anati, "Si ntchito yanga, koma kokani mpweya." Anachiika pa chifuwa changa, anamvetsera. "Muimba nyimbo imodzi nonse awiri. Inu mukaonane ndi a kuchipatala uko. Uyu ndi wanga." Anamumwetsa mankhwala a njoka, poti mwina zinalipo, ndipo analemba kalata. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu kuti mphaka asakhale pa utsi, asewere pang'ono kukazizira, ndipo akapuma wefuwefu ali chigonere osasewera, ndithamange naye.

Ndinadikira dzuwa lipepe ndisananyamuke. Choko ndinaiwala.

A Goma anawerenga kalata kawiri, chala chikutsata mzere. Masiku khumi onsewo anali kubwera m'mawa uliwonse, khasu paphewa, kudzasuzumira m'dengu. Tsiku lachitatu anabwera ndi mutu wa nsomba. Tsiku lakhumi anavundukula dengu ndi dzanja lawo, anati, "Mundikhululukire, a Kapitao."

Ambuya anu kalata ija anaimata pa chitseko cha kachipinda ndi phala. Katoni ya pazenera anaichotsa. Ine ndinati palibe vuto, ndizisutira panja. Koma ndikakhala pansi pa mango kuti ndiyatse, Kapitao uyu pa miyendo. Ndisamukire kuseri kwa nkhokwe, uyu wafika. Tsiku lina ndinapita mpaka ku bwalo la mpira, nditatembenuka ndinamuona akubwera mu udzu, mchira m'mwamba. Kenaka mvula inayamba, ija ya m'chigwa yogwa masiku atatu osakata. Panja sipakhalika, m'nyumba muli kalata. Ndinaima pakhonde ndi balani wonyowa, machesi akukana, mpaka ndinamuponya m'matope.

Musaganize kuti zinali zophweka. Milungu yoyamba ndinali wolusa ngati njati yovulala. Ana a kalasi langa anaphunzira kulowa mwakachetechete. Ndinatafuna misale, ndinatafuna chivundikiro cha bolopeni. Kawiri ndinagwa, ndinakasuta kwa mnzanga wina kutsidya, ndipo pobwera ambuya anu anangondinunkhiza phewa monga a Mwanza. Koma pofika nthawi ya zimanga zaziwisi, ndinali kukwera kamtunda ka kusukulu osaima pakati.

Kapitao sanachire kotheratu. Nyengo yotentha tchire ikafika, utsi ukadzaza chigwa, kachifuwa kanali kubwerera, ndipo tinali kumusunga m'nyumba. Kuchipinda kothira mankhwala m'chimanga sitinali kumulola. Nthenga tinali kusewera m'mawa ndisanapite kukalasi, poyera pabwalo, kulumpha kungapo basi. Ambuya anu anali kuima pakhomo n'kumafunsa ngati akangaude atha.

Patapita zaka zinayi kunabwera kalata yondisamutsira ku Lundazi. Lole yotinyamula inali yopanda denga, msewu wa fumbi tsiku lonse, ndipo unali mwezi wotentha. Ambuya anu anakonza dengu. Ine ndinaliyang'ana, ndinakumbuka pa mtsinje paja, ndinati sapita. Tinakangana pang'ono, ulendo uno iwo akufuna kumutenga, ine ndikukana. Pomaliza ndinamunyamula m'manja mpaka kwa a Goma, kandodo kali m'khwapa. Kumeneko sanali mlendo, anali atayamba kale kuyendera nkhokwe zawo.

"Musadandaule, asambizgi," anatero a Goma. "Pano palibe wosuta. Kukhitchini salowa. Ndidziwa, m'mawa chabe, pang'onopang'ono."

Pomwe lole inali kutuluka, ndinawaona munthu wamkulu uja ataima pabwalo, kandodo m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali womuona.

Kalata yawo inatipeza ku Lundazi patapita zaka ziwiri, yolembedwa pa pepala la m'kope. Anayamba ndi mvula, mpunga, ndi kalasi lija lomwe linali litafoleredwa tsopano. Kumapeto anati Kapitao wamwalira ali m'tulo pa thumba la chimanga, wokhuta, kukamwa kotseka, ndipo amuika kuseri kwa nkhokwe.

Ndinapinda kalata, ndinakhala pakhonde. Tsiku limenelo ndinafuna fodya kuposa masiku onse. Manja anali kupapasa okha m'matumba. Ambuya anu anandiyang'ana, analowa m'nyumba, anatuluka ndi lichero lodzaza nshawa, n'kundiika pa miyendo.

"Sendani izi," anatero. "Zikatha zilipo zina."

Tinasenda awiri mpaka dzuwa kulowa.